Mathero Amene Asibweni Anasuta

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giledi seveni, kwathu ku Magodi, pamene tinapeza buku lopanda chikuto. Mutu wake sitinaudziwe, wolemba wake sitinamudziwe, ndipo tsamba loyamba linangoyambira pakati pa chiganizo. Anabwera nalo ndi Gibisoni, mnzathu wa m'kalasi. Mkulu wake, amene ankaphunzira sekondale ku Chipata, analiiwala pansi pa mphasa atabwera ku holide, ndipo Gibisoni sanali mwana woti n'kuona chinthu chili poteropo iye n'kuchidutsa. Analibisa m'malaya, n'kutikodola ine ndi Enelesi pa nthawi ya buleki.

Anzanga amene munakula m'zaka za chipani chimodzi simufunika kuuzidwa mmene zinthu zinkasowera. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse zinkayamba ndi mphekesera yoti zafika kuboma ku Lundazi, kenako abambo kupalasa njinga m'mamawa, kenako kubwerako madzulo ndi fumbi lokhalokha. Pepala nalo linali m'gulu lomwelo. Kope limodzi tinkalidula pakati, theka la masamu, theka la Chingerezi. Nyuzipepala ikafika m'mudzi inkayenda khomo ndi khomo, ikatha kuwerengedwa azibambo n'kugawana yopichirira fodya. Tsono taganizani ana atatu a m'nyengo imeneyo atagwira buku lathunthu la nthano, lonenepa ngati njerwa, lolembedwa m'Chinyanja chosalala chimene ife, olankhula Chitumbuka kunyumba, tinkangochimva m'kalasi. Linkanunkha utsi ndi makoswe, koma ife tinkalinunkhiza mosinthana.

Tsiku loyamba lomwelo tinatsala pang'ono kumenyana, poti aliyense ankafuna kupita nalo kwawo. Ine Tamala ndinali ndi pakamwa, ndipo mpaka lero sindinachire. Gibisoni anali ndi mphamvu komanso umwini. Enelesi yekha ndiye ankangosisita masamba ndi chala. Ameneyu anali mnzanga wa pabenchi imodzi kuyambira giledi wani, kamtsikana kowonda, kofatsa, koma kowerenga kuposa tonse m'kalasi. Ndi iye amene anati, "Bwanji tilidule?"

Tinamuyang'ana ngati watukwana. Koma posakhalitsa Gibisoni anatulutsa lezala lake losongolera pensulo, tinatsata ulusi wa kumsana kwa bukulo, n'kulidula zigawo zinayi. Enelesi anapita nazo kwawo, anasoka chigawo chilichonse pachokha ndi ulusi wosolola ku thumba la feteleza, n'kulemba manambala pamwamba. M'mawa mwake Gibisoni anadzisankha yekha kukhala tcheyamani. Masiku amenewo chilichonse chinali ndi tcheyamani wake, msika, chitsime, ngakhale dibi la ng'ombe, ndiye gulu la anthu atatu likanalephera bwanji? Anatidulira ndi makhadi a umembala pa katoni yakale, ati wopanda khadi asayandikire, monga ankachitira anyamata a chipani pakhomo la msika.

Malamulo anali otere. Aliyense azitenga chigawo chimodzi n'kukhala nacho sabata yathunthu. Lachisanu, tikamaliza kugwira ntchito m'munda wa sukulu, tizikumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, aliyense azinena maganizo ake, kenako tizisinthana. Chigawo chachinayi, cha mathero, munthu asachikhudze mpaka tonse titamaliza zitatu zija, ndipo tidzachiwerengere pamodzi mokweza. Anzangawo anasankha ine kuti ndichisunge. Chifukwa chake? Abambo anga anali mkulu wa mpingo, ndiye anzangawo ankaganiza kuti kukhulupirika n'kwakumtundu. Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba kuti sindisuzumira ngakhale mzere umodzi.

Kulumbira n'kosavuta. Usiku woyamba chigawocho chinagona pansi pa mtsamiro wanga, ndipo manja ankachita kuyabwa. Ndinadziwa kuti chikakhala pafupi ndichimwa. Komanso m'nyumba mwathu munali azing'ono anga ong'amba chilichonse. Ndiye ndinaganiza nzeru imene ndinadzitama nayo kwambiri: kukachibisa m'chigafa, mmene abambo ankayanikamo fodya. Mmenemo munali mouma, ana sankaloledwa kulowamo, ndipo panali kamtunda kuchokera panyumba. Ndinakwera pa mtondo wakale, n'kuchilowetsa mu udzu wa denga. Ine mwana wa mlimi wa fodya, m'chaka chosowa pepala, kukabisa pepala m'chigafa! Nzeru zina ndi zofuna kukwapula.

Pogawana, ine ndinapeza chigawo choyamba. Mmenemo munali mnyamata dzina lake Fanuele, woimba bwino, wodziwa kuseketsa, amene anafunsira Nyuma nyengo yonse ya dzinja akumudikirira panjira ya kuchitsime. Anakwatirana, anabereka ana awiri, ndipo Fanuele ananyamuka kupita kumigodi atalonjeza kuti pakatha zaka ziwiri abwera ndi njinga ndi malata. Ine Fanuele ndinamukonda, ndinene poyera. Ndinkawerenga ndikuthothola nsawa pakhomo, buku lili pamiyendo, mwala uli pamwamba kuti mphepo ya Juni isatembenuze tsamba. Amayi ankandikalipira kuti dengu silikudzaza, ine makutu ali kwa Fanuele.

Gibisoni anayamba ndi chachiwiri, cha kutauni. Munali chikepe chotsikira pansi pa nthaka, magetsi a mumsewu, Fanuele akupulumutsa mnzake ku mwala wogumuka, ndiponso mayi wina wogulitsa mowa, wa milomo yofiira, dzina lake Rozi. Enelesi anayamba ndi chachitatu, cha Nyuma atatsala kumudzi: makalata atasiya kubwera, apongozi akumunena, njala, denga lodontha, iye akulima nsawa yekha mwana ali kumbuyo.

Lachisanu loyamba linali ngati msonkhano wa anthu ogontha. Tinakhala pa mizu ya mango, mapazi otuwa ndi dothi la m'munda, tikutafuna mbatata yaiwisi imene Gibisoni anatola mwa njira zake zija. Ine ndinayamba ndi kulengeza kuti mwamuna ngati Fanuele kulibe m'dziko lonse la Zambia.

"Mwamuna wabwino?" anatero Enelesi. "Ana ake akudya gaga, iwe ukuti wabwino?"

"Gaga uti? Wangonyamuka kumene, ndipo wawasiyila nkhokwe yodzaza!"

"Nonsenu simudziwa kanthu," anatero tcheyamani, mbatata ili m'kamwa. "Munthu wanzelu m'bukuli ndi Rozi."

Ife Rozi tinali tisanamumvepo n'komwe. Tinakangana mpaka dzuwa linapendeka, aliyense akuteteza munthu amene anzake sanakumane naye, ndipo tinabalalika tili okondwa kwabasi.

Mungaganize kuti titasinthana zigawo tinagwirizana. Ayi ndithu. Aliyense anakakamira munthu amene anayamba kukumana naye. Ine nditawerenga za Rozi ndinati Fanuele alibe mlandu, mayiyo anamudyetsa kondaine. Gibisoni atawerenga za Nyuma anadandaula kuti wolembayo anawononga pepala, munthu kumangolima masamba onsewo popanda ngakhale ndewu imodzi. Enelesi atawerenga za chibwenzi chija anangoti nyimbo sizikhutitsa mwana. Ana ena anayamba kutizungulira kudzamvera, ndipo Gibisoni ankawathamangitsa kuti alibe makhadi, kenako n'kuwalola kuti akhale chapatali bola abwere ndi nzimbe. Panali atsikana a giledi sikisi amene ankalira za Nyuma asanagwireko ngakhale tsamba limodzi.

Chigawo chachitatu chinkathera pamalo oipa zedi. Mwana wa Nyuma akuthamangira kumunda kukauza amayi ake kuti kuboma kwatsika munthu m'basi, wanyamula sutikesi, ndipo akufunsa njira ya kumudzi kwawo. Basi. Lezala la Gibisoni linadutsa pomwepo.

Pali chimene sindinanene. Abambo a Enelesi anapita kumigodi ku Kitwe ife tili mu giledi fili. Makalata anabwera kawiri, kenako zii. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo palibe ankazitchula iye ali pomwepo. Amayi ake ndiwo ankalima, kufolera nyumba, ndi kusoka yunifomu yake yomwe inali zigamba zokhazokha. Sabata imene Enelesi anawerenga za Nyuma anabwera kusukulu maso ali ofiira, ati ndi utsi wa koloboyi. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse tikamabalalika ankandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Chilipo chija? Ukuchisunga bwino?" Ine ndinazimasulira ndekha: mnzangayu akudikira kuti Fanuele abwerere, ndipo Fanuele akabwerera, mumtima mwake adzati nawonso abambo ake ali m'njira. Ndinkamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinkapemphera kuti munthu wa sutikesi uja akhale Fanuele.

Lachinayi la sabata yomaliza, nditaweruka, ndinathamangira kuchigafa kukatenga chigawo chija. Ndinapezamo asibweni a Yotamu, ndiye kuti amalume, mlongo wawo wa amayi. Anali atabwera kudzathandiza abambo kusankha fodya, poti maso awo ankadziwa tsamba kuposa wina aliyense. Iwowa anagwirapo ntchito kumigodi zaka zambiri, n'kubwerako ndi chipewa chachitsulo, khutu limodzi logontha, ndi nthabwala zosatha. Anakhala pa kampando pakati pa milu ya fodya, fungo lake lotsekemera lija lili tho m'chigafa monse, akusuta fodya wawo wa balani mwamtendere.

"Monire, asibweni."

"Yewo, mwana wane. Wabwela kudzathandiza kapena kudzaona?"

Ndinakwera pa mtondo, n'kupisa dzanja m'denga. Ndinatulutsa ulusi wa thumba la feteleza, wokhala ndi timapepala ta m'mphepete tokhatokha, ngati nthenga zotsalira pa nkhuku yososola. Ndinacheuka pang'onopang'ono. Pa ndudu imene inali pakamwa pa asibweni ndinaona zilembo, ndipo moto unali utadya kale theka la dzina la Nyuma.

"Asibweni! Pepala limenelo mwalitenga kuti?"

"M'denga umu," anayankha osatekeseka. "Ndinati Mulungu amene amadyetsa mbalame wandikumbuka. Pepala labwino, Tamala, lopyapyala, losatsokomoletsa."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mamina. Ndinawafotokozera zonse, za lezala, za malamulo, za tcheyamani, za kulumbira kwanga. Anatchera khutu lawo labwino lija, ndipo nkhope inagwa ndithu. Anazimitsa nduduyo ndi zala n'kuiyang'ana ngati angaibwezeretse.

"Pepa, mwana wane, ndalakwa. Koma pukuta misozi. Ine sindisuta chinthu chimene sindinawelenge."

Zinali zoona. Kwa masabata atatu ankang'amba tsamba, kuliwerenga mbali zonse ziwiri, kenako n'kupichira. Vuto linali loti ankang'amba kuyambira kumbuyo, poti ndi kumene kunkang'ambika bwino, ndiye nkhaniyo anaiwerenga chobwerera. Anayamba ndi mapeto, tsiku lililonse n'kumabwerera m'mbuyo kuti amve chimene chinachititsa za dzulo lake. Ati poyamba mutu unkazungulira, koma anazolowera, ndipo anafika poikonda kotero kuti masiku ena ankasuta kawiri kuti adziwe msanga.

Anandiuza tsono mmene zinathera. Munthu wa sutikesi sanali Fanuele. Anali mnzake uja anam'pulumutsa pansi pa mgodi, atatumidwa ndi bulangeti ndi kalata. M'kalatamo Fanuele ankati ali ndi banja lina kutauni, sabweranso, Nyuma asadikire. Nyuma anamvetsera kalatayo mpaka kumapeto, anapatsa mlendoyo madzi ndi chakudya, n'kubwerera kumunda kukamaliza mzere umene anausiya. Zotsatira zake zinali za nsawa, za ng'ombe, za sukulu ya ana, koma ine sindinazimvetsere bwino. M'mutu mwanga munangokhala mawu amodzi: sabweranso.

Madzulo amenewo, popita kuchitsime ndi pobwera, ndinkangoganiza za nkhope ya Enelesi. Kutaya chigawo ndinadziwa kuti andikhululukira, akatha kundinena. Koma kuima pamaso pake n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti munthu wopita kumigodi sabwerera, zimenezo ndinati sindingathe. Ndowa ili pamutu, madzi akudonthera m'khosi, ndinayamba kupeka mathero anga. Pofika pakhomo ndinali nditawakonza bwinobwino, ndipo ndivomere, ndinawaona okoma kuposa a mwini buku.

Lachisanu pansi pa mango panadzaza. A giledi sikisi anabwera ndi nzimbe zawo, ena anakwera mumtengo. Ndinaimirira, n'kuonetsa ulusi uja, n'kunena kuti mathero asibweni asuta. Kunali kuseka koti ena anagwa chagada. Gibisoni yekha ndiye sanaseke. Anandilanda khadi pomwepo, n'kulengeza kuti nkhani yanga ikambidwa ndi komiti, komiti yake ili iye yemweyo. Nditanena kuti asibweni anawerenga asanasute ndipo andiuza zonse, tcheyamani anandilola kulankhula ngati mlendo.

Ndinaikamba nkhaniyo ndi manja ndi miyendo yomwe. Wotsika basi uja anali Fanuele, atavala suti. Njinga inali padenga la basi, malata akubwera m'mbuyo pa ngolo. Rozi anali atamangidwa chifukwa cha mowa wake. Fanuele anagwada m'munda momwemo, suti ili m'dothi, n'kupepesa, n'kuimba nyimbo ija ya kuchitsime. Nyuma analira, anam'dzutsa, apongozi anachita manyazi, kunaphedwa mbuzi, anthu anavina mpaka fumbi kobo. A giledi sikisi anaomba m'manja. Gibisoni anati wolembayo alibe chilungamo, Rozi analakwanji poti mowa ankagula okha anthu. Ine maso anga anali pa Enelesi, kudikira kumwetulira kumene ndinakuvutikira.

Sanamwetulire. Anaimirira, n'kuika pansi chigawo chachitatu, chimene anali atachitenganso kwa ine titangofika.

"Ndiye kuti buku lonseli ndi lachabe," anatero. Ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu chotero. "Wolemba ameneyu ndi wabodza. Munthu zaka zonsezo osalemba kalata, angobwela ndi suti, aphedwele mbuzi? Nanga njala ija? Nanga denga lija? Ndiye kuti Nyuma ankavutika kuti adzaombele m'manja njinga? Ndikanadziwa sindikanasoka."

Anatola kathumba kake ka makope n'kuyamba kumapita. Buku limene ankaligwira ngati dzira analisiya m'dothi osacheuka. Ine ndinaona kuti chimene ndamulanda n'chachikulu kuposa masamba amene asibweni anasuta, ndipo manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Enelesi, ima! Wabodza ndine. Si mmene zinathela."

Gibisoni anagwira m'chiuno n'kunena kuti akanakhala ndi khadi lina akanandilandanso. Koma nkhani inali itakula kuposa komiti. Tinagwirizana zopita kwa mwini mathero. Tinayenda atatu mu kanjira ka pakati pa minda yokololedwa, mapesi akulira ndi mphepo, ng'ombe zikudya mmenemo, Enelesi patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yogwidwa m'munda mwa eni.

Asibweni atationa anadziwa okha. Anayala masaka kuti tikhalepo, anachotsa chipewa, n'kupepesa kwa tcheyamani mwaulemu wonse, zimene zinam'fewetsa Gibisoni nthawi yomweyo. Kenako anaikamba nkhaniyo, ulendo uno kuyambira koyenera, manja akupitiriza kusankha fodya, tsamba lowala uku, lothimbirira uko. Anakamba za kalata ndi bulangeti. Anakamba mmene Nyuma anakanira kubwerera kwa makolo ake, mmene anakolola nsawa zochuluka chaka chotsatira, mmene anapezera kang'ombe kamodzi, kenako kachiwiri, n'kuphunzira kugwira pulawo yekha amuna a m'mudzimo akumuseka. Pa tsamba lomaliza, mwana wake wamkazi akuchokera kusukulu anam'peza akumasula ng'ombe pagoli, n'kuyamba kumuphunzitsa kulemba dzina lake padothi ndi kamtengo. Nyuma analemba chilembo choyamba chopindika, anachiyang'ana, n'kuphulika kuseka.

Atamaliza, mkangano unabuka ngati kale, kungoti tsopano tinali anayi. Gibisoni anakondwa kuti Rozi sanamangidwe, koma anati bukulo likanakoma mnzake wa Fanuele uja akanamenyana ndi winawake. Ine, pokhala wosamva, ndinati mwina kalatayo analemba ndi Rozi. Asibweni anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti iwo a Fanuele anawaona ambiri kumigodi, ena ankagona nawo chipinda chimodzi, ndipo panalibe kondaine aliyense, koma manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja. Anati wolembayo ayenera kuti anafikako kumeneko, pakuti sananame. Chimene anamudandaula nacho n'choti masamba ena anali ndi inki yambiri, yowawa pakhosi.

Enelesi sanalowerere mkanganowo. Anangofunsa funso limodzi.

"Asibweni, anaseka ndithu? Simukungotikondweletsa ngati mnzangayu?"

"Anaseka, mama. Ndilo tsamba limene ndinayamba kusuta, sindingaliiwale. Ndinadabwa kuti mayi ameneyu akuseka chiyani, n'chifukwa chake ndinang'amba lachiwili."

Enelesi anagwedeza mutu, n'kupuma mpweya wautali. Kenako anapempha Gibisoni kuti am'bwezere chigawo chachitatu, chimene mnyamatayo anali atachitola m'dothi muja. Anachipukuta ndi siketi n'kuchiika m'kathumba.

Ndinam'perekeza mpaka pa mphambano ya kwawo. Panjira ndinasowa poyambira, chinthu chimene sichindichitikira kawirikawiri. Pomaliza ndinati ndinanama chifukwa cha iye, kuti ndimaopa kuti akamva zoti Fanuele sanabwerere aganiza za abambo ake. Aka kanali koyamba kuwatchula pamaso pake. Anaima, n'kundiyang'ana ngati mwana wa giledi wani amene walemba nambala chozondoka.

"Tamala, iwe ndiwe chitsilu chabwino," anatero. "Adada ndinasiya kuwadikila kalekale. Ine ndimafuna kudziwa ngati amama adzakhale bwino."

Masiku ano ndili ndi shelefu yodzaza mabuku, onse ndi zikuto zawo, mitu yawo, ndi mathero awo. Adzukulu anga amawerengera pafoni, ndipo nditawauza kuti tinkadula buku ndi lezala anandiyang'ana ngati ndanena kuti tinkadya sopo. Ndili m'gulu lina la pafoni la anthu okonda kuwerenga. Munthu amalemba kuti akuwerenga lakutilakuti, ndi labwino, ena n'kuika kachithunzi ka chala chachikulu, nkhani yatha. Palibe woimirira n'kutaya buku pansi chifukwa lamunamiza. Sindikunena kuti kale kunali bwino. Masiku osowa shuga aja sindiwafuna, ndipo mwana aliyense ayenera kukhala ndi buku lake lathunthu. Koma ine sindinawerengenso buku lina ndi njala ngati ya chaka chimenecho, ndipo sindinakanganenso ndi anthu okoma ngati amenewo.

Gibisoni khadi langa sanandibwezere mpaka tinalemba mayeso. Abambo a Enelesi sanabwerere. Amayi ake ndinawaona komaliza zaka zambiri pambuyo pake, Enelesi atayamba kale uphunzitsi kuboma. Anali pakhonde la nyumba yawo, imvi zili mbuu, akulamula adzukulu kuti atsekere ng'ombe, ndipo anandikalipira kuti ndaonda, n'kundisenzetsa thumba la nsawa loti sindikanatha kulinyamula ndekha. Anakhala bwino.